Chingwe Chomira cha Alamu

Ng'ona itagwira Hudson pa dziwe la pa Mkuyu, anthu anatha masabata atatu osayandikirako. Ngakhale ng'ombe ankakazimwetsa kumtunda, pamchenga pomwe madzi a Rukuru salekeza ndi m'maondo momwe. Hudson anali msodzi wa mbedza. Anamupeza tsiku lachinayi m'bango, ndipo amene anamuonawo anakana kufotokoza. Koma sabata yachinayi mpasa zinayamba kukwera mtsinje, ndipo msodzi mnzake Ambokile anatola zingwe zake n'kubwerera pa dziwe lomwelo ngati kuti chomwe chinafa pamenepo ndi nkhuku.

N'chifukwa chake mkazi wake Hilda anakwera njinga n'kupita kwa mlongo wake Manase, m'mawa dzuwa lisanatenthe.

Manase ameneyu anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri pa malo ena ogona alendo kumapiri a Nyika, kuperekeza azungu okawedza. Kumeneko ndi kumene anaphunzira uwedzi woseketsa uja wopanda nyambo. Mbedza amaiveka nthenga kuti ioneke ngati ntchentche, ndipo poti ntchentche ya nthenga ilibe kulemera, chimene chimaiuluza ndi chingwe chenichenicho, chonenepa ngati mtsitsi wa dzungu, chomwe msodzi amachikupiza m'mwamba ndi ndodo yaitali yopindika. Atapuma ntchito anatsika kumapiri ndi bondo lotupa, ndodo ziwiri ndi timagudumu tiwiri tokulungira zingwe. Pa kena panali chingwe cha mtundu wa lalanje choyandama, pa kenako chingwe chabulauni chomira. Anthu a m'mudzi ankamutcha msodzi wa pa udzu, chifukwa chibwerereni sanamuonepo akuponya m'madzi. Ankaponya pa bwalo la mpira la pa sukulu, madzulo ana ataweruka, mbuzi zikumuyang'ana.

Iye ankati nsomba za kuno n'zopanda ulemu. Zoona zake n'zakuti bamboyu ankaopa Rukuru koopsa. Ku Nyika madzi ndi ozizira, oyera, ndipo chachikulu chimene chingakulume ndi nkhanu. Kuno madzi ndi ofiirira, suona chimene chili pansi pa bondo lako. Akangoima pafupi ndi mtsinje, msana wonse unkachita tsemwe. Koma zimenezi sankauza munthu.

"Adumbu," anatero Hilda, pomutchula mlongo wake monga amatchulira kwawo, "inu chingwe chanu chija chimafika kutali. Ndinakuonani tsiku lina, munaima pa golo ili chikukagwa pafupi ndi pakati pa bwalo. Bambo a Eunice amaima m'madzi mpaka m'maondo kuti chawo chifike pamene pali mpasa. Aphunzitseni aziwedza ali pamtunda."

"Bwanji osangowaletsa?"

"Inu simukuwadziwa alamu anu? Ndalankhula, ndalira, ndawabisira mbedza mu ufa. Akuti ng'ona inakhuta Hudson." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya chitenje. "Ine sindikugona, adumbu. Munthu akangoimika njinga pakhomo, ndimati wabwera kudzandiuza."

Manase sakanatha kumukanira. Hilda ndiye anali wotsala yekha mwa abale ake a bere limodzi. Anavomera, ndipo usana wonsewo chakudya sichinamukomere.

Maphunziro anayambira pa bwalo la mpira. Ambokile anali munthu wa chifuwa chachikulu, woseka msanga, wa khutu limodzi logontha. Khutulo linafa ndi kumira, pakuti kuyambira ubwana wake mbedza ikakodwa pansi iye ankavula malaya n'kuilondola. Msodzi wa kuno sataya mbedza madzi akuona. Anabwera chifukwa mkazi wake anamuumiriza, ndipo ndodoyo anaigwira ngati mmene amagwirira mkwapulo wa ng'ombe za pa ngolo. Atakupiza koyamba chingwe chinalira kuti thyaa kumbuyo kwake, n'kumugwera m'mutu chili mulu.

"Alamu, si ng'ombe imeneyo," anatero Manase ataima mbali ya khutu lamoyo. "Mphamvu zanu kazisiyeni kumunda. Kwezani ndodo, ifike pa khutu, imani pomwepo. Ndiye dikirani."

"Ndidikire chiyani?"

"Chingwe chiwongoke kumbuyoko. Chikawongoka mumva chikukukokani pang'ono, ngati mwana wakugwirani malaya. Pamenepo ndiye mubwere nacho kutsogolo, n'kuimanso. Mukafulumira, chimagwera pamapazi panu."

Kudikira ndiko kunali kovuta. Ambokile anali munthu woti akafuna chinthu amachitsata ndi thupi lonse. Dzanja lake linkapindikira kumbuyo mpaka nsonga ya ndodo kukhudza udzu, ndiye Manase anang'amba kansalu n'kumangirira dzanjalo ku chigwiriro kuti lisapindike. M'malo mwa mbedza anamangirira kathonje, kuopera makutu, poti lotsala linali limodzi. Anaika beseni pa udzu, mapazi khumi, kenako khumi ndi asanu. Anamuimika chammbali kuti aziona yekha chingwe chake chikutambasuka kumbuyo. Anamuphunzitsa kuyang'ana kaye kumene mphepo ikuchokera, ndi kusaima pomwe pali mtengo kumsana. Tsiku lachisanu kathonje kanagwa mu beseni kuti tapu, ndipo Ambokile anavina pa bwalo ngati wagoletsa chigoli.

Povinapo anaponda chingwe, ndipo Manase anakalipa mpaka mbuzi zinathawa. Pa nkhani ya zingwe zake munthuyu analibe chibale. Madzulo aliwonse ankazipukuta ndi kansalu konyowa, n'kuziyanika pamthunzi, akudandaula kuti mchenga umazidya khungu.

"Nanga chabulauni ichi n'cha ntchito yanji?" anafunsa Ambokile tsiku lina, akutembenuza kagudumu kachiwiri m'manja.

"Nsomba zikamadyera pamwamba, kapena madzi akakhala osazama, mumatenga chalalanje. Chimayandama, mumachiona, ndipo mukafuna kuponyanso mumangochinyamula. Zikakhala pansi penipeni mumatenga icho. Chimamira, chimatsitsira ntchentche kumene kuli nsombako."

"Ndiye chathu ndi ichi! Mpasa za pa Mkuyu zimagona pansi."

Manase anamulanda kagudumuko n'kukabwezera m'chikwama. Ankadziwa kuti mlamu wake akunena zoona. Ankadziwanso kuti pansi pa dziwe lija pali mitengo yogwa ndi madzi osefukira, kuti chingwe chomira chimakakodwa m'menemo, ndipo ankamudziwa bwino munthu amene anaima patsogolo pakeyo. Mawu oyenera anali pafupi: chikakodwa mudzalowa m'madzi, ndipo ine ndikuopa. Koma mwamuna wa imvi angauze bwanji mwamuna wa mlongo wake kuti akuopa? Ndiye ananena zina.

"Chimenechi sichigwiridwa wamba. M'Malawi muno simungachipeze. Ndinatumapo amalonda a pa Songwe kuti akandifunire ku Mbeya, anabwerako chimanjamanja. Anandipatsa ndi mlendo wina amene anamwalira kalekale. Chikaduka, basi, kwatha."

"Pepani alamu, sindimadziwa," anatero Ambokile, n'kupukuta manja ake pa kabudula ngati wagwira chinthu cha m'tchalitchi.

Sabata yachitatu anapita ku mtsinje. Inali nyengo yokolola mpunga, m'minda monse muli anthu ndi zikwakwa, mwera ukuwomba. Tsidya lino la dziwe la pa Mkuyu gombe ndi lalitali, phompho loposa msinkhu wa munthu, ndipo Manase analemba mzere ndi chidendene, mapazi atatu kuchoka m'mphepete.

"Apa ndiye malire. Chala chikadutsa apa, ndodo ndikulanda."

Iye mwini anaima kumbuyo kwa mzerewo. Kumtunda kwa dziwe madzi ankatsika pa miyala ndi mkokomo woti anthu awiri amayenera kukuwirana. Kumunsi kunali kachilumba ka mchenga, ndipo pa kachilumbapo panagona chinthu chimene Manase poyamba anachiyesa chipika. Chipikacho chinatsegula kukamwa, n'kukhala chiyasamire padzuwa. Manase anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Anafuna kukhala pansi, koma anaopa kuti mlamu wake aona.

"Ndi imeneyo," anatero Ambokile mosadandaula, ngati akuloza ng'ombe ya mnansi. "Ikakhala apo ndiye bwino. Yoopsa ndi imene sukuiona."

Masiku atatu anawedza ndi chingwe choyandama. Ambokile ankaponya bwino ndithu, chingwe chikutambasuka mokoma n'kugona pamadzi mopanda phokoso. Koma mpasa sizinakwere. Anagwira sanjika ziwiri zazing'ono, zoti mphaka akhoza kuzinyoza. Manase anayesa kutalikitsa nayiloni wa kumapeto, anayesa ntchentche yolemererapo, koma madzi othamanga ankainyamula isanafike pansi. Nthawi ndi nthawi pakati pa dziwe pankang'anima mimba ya nsomba yaikulu ikutembenuka m'munsi, ndipo Ambokile ankaluma mlomo.

"Alamu, chabulauni chija, kamodzi kokha."

"Ndanena kale."

"Anthu ayamba kundiseka. Akuti ndikukwapula mphepo."

"Asiyeni aseke. Mano ndi awo."

Madzulo a tsiku lachitatulo bondo la Manase linatupa kwambiri. Kunyumba kwa Hilda kunali pafupi ndi mtsinje, ndiye ndodo anazipachika pansi pa denga la khonde zili zolumikiza, chikwama n'kusiya m'nyumba, iye n'kukwera kabaza kupita kwake. Anagona bwino usiku umenewo, poganiza kuti tsiku lina latha munthu ali wamoyo.

M'mawa mwake anafika dzuwa litakwera. Hilda ankapeta mpunga pabwalo. Pa khonde panapachikika ndodo imodzi yokha, ya Manase, ndi chingwe chake chalalanje. Kagudumu kakale ka chingwe choyandama kamene Manase anabwereka kwa mphunzitsi wina kuti onse awiri aziponya kanali pa mpando, katachotsedwa pa ndodo inayo. Manase analowa m'nyumba osaodira n'kutsegula chikwama. Chabulauni munalibe.

"Apita nthawi yanji?"

"Kutangocha. Anati munawalola." Hilda anasiya kupeta. Anamuyang'ana mlongo wake kumaso, n'kuika lichero pansi. "Adumbu, chavuta n'chiyani?"

"Palibe. Ndikawapeza."

Anatsitsa ndodo n'kuuyamba ulendo. Kuchoka pakhomopo kukafika pa Mkuyu ndi mtunda woti munthu wamiyendo yabwino sangatuluke thukuta, koma kwa Manase tsiku limenelo njirayo inatalika ngati ya ku Chitipa. Ankathamanga mapazi asanu, bondo n'kumubaya, n'kuyenda chotsimphina, n'kuthamanganso. Mumtima ankangoti nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, nanga yotenga mwini asakudziwa? Ankapemphera mawu osalongosoka. Ankaona nkhope ya Hilda, ndi njinga ikuima pakhomo pake, wopalasa ali iyeyo.

Atafika pa phompho paja, pa mzere wake panalibe munthu. Mtima unatsika pang'ono, poganiza kuti mwina wapita dziwe lina. Kenako anaona ndodo tsidya lina, itagonekedwa bwinobwino pa malaya opinda kuti isakhudze mchenga. Ambokile anali ataoloka pa dooko la kumtunda, n'kukaima tsidya lopanda mitengo, kumene mwera ukanamuwomba kumsana. Phunziro analimva ndithu. Pambali pa ndodoyo panagona mpasa ziwiri zazitali ngati mkono.

Mwini wake anali m'madzi mpaka m'chifuwa.

Anaima pafupi ndi nthambi za mtengo womira, mapazi anayi kuchoka pa gombe la tsidyalo, msana atalozetsa kwa Manase. Chingwe chabulauni anachikulunga ku dzanja lamanja, ndipo ankachilondola ndi phazi pansi pa madzi. Anakoka mpweya n'kumira. Pamadzi panatsala timathovu. Manase anayang'ana kumunsi, ku kachilumba ka mchenga kaja. Panalibe kanthu. Panali mkwasa wokha wonyowa, wotsetserekera m'madzi.

"Alamu!" anakuwa Manase, mutu wa Ambokile utavuuka. "Ambokile! Fumaniko! Tulukani!"

Mphepo inamubwezera mawu ake kumaso. Mkokomo wa pamiyala unameza otsalawo, ndipo khutu limene linaloza tsidya lino linali lakufa lija. Ambokile anapukusa mutu kuchotsa madzi, n'kuweramiranso chingwe. Manase anafuna mwala, koma paphomphopo panali dothi lokhalokha. Anatola chibuma n'kugenda, ndipo chinamwazikira m'malere chisanafike ndi pakati pomwe. Okolola mpunga tsidya linalo anali kuseri kwa bango, mitu ili pansi. Dooko linali kutali, ndipo ndi bondo limenelo akanafika maliro atayamba kale.

Apo ndiye anaiona. Kumunsi kwa dziwe, chakufupi ndi gombe la tsidyalo, timatotupa titatu tinali pamwamba pa madzi, tiwiri kumbuyo, kamodzi kutsogolo. Sitinkapita ndi madzi ngati zinyalala zina zonse. Tinkakwera mtsinje, pang'onopang'ono, popanda ngakhale kafunde.

Mkodzo unamutentha Manase m'ntchafu, ndipo sanachite nazo manyazi. Anadutsa mzere wake uja n'kukaima m'mphepete mwenimweni, dothi likugumukira m'madzi pansi pa zala zake. Anamasula ntchentche, n'kusolola chingwe pa kagudumu, mikono ndi mikono, chikuunjikana pamapazi. Kuchoka pamenepo kukafika pa Ambokile panali mapazi osachepera makumi awiri ndi asanu, mphepo ili kumaso. Ngakhale pa udzu, tsiku lopanda mphepo, sankafikapo nthawi zonse.

Anakupiza. Koma mphunzitsi wamkuluyo anachita chimene analetsa wophunzira wake masabata awiri athunthu. Anafulumira. Chingwe chinalira thyaa kumbuyo, mphepo n'kuchipinda, n'kugwa mulu pakati pa dziwe. Analira mokweza ngati mwana. Anayang'ana kumunsi. Timatotupa tija tinali titadula theka la mtunda.

Anachikoka msangamsanga, n'kuchinyamulanso. Kweza, pa khutu, ima. Thupi lonse linkamuuza kuti ponya, ponya tsopano, munthu akufa. Kudikira kumeneko sikukwana ngakhale kupuma kumodzi, koma Manase anamva ngati waima chaka, maso ali pa msana wa mlamu wake, chingwe chikutambasuka kumbuyo kumene sankachiona. Kenako anamva kukoka kuja. Anabwera nacho kutsogolo, osachigwetsa, n'kubwereranso kumbuyo akuwonjezera utali. Anadikiranso. Kachitatu anatsitsa nsonga ya ndodo kuti chingwe chidutse pansi pa mphepo, anakoka ndi dzanja lamanzere mwamphamvu, n'kuchitaya.

Chinauluka chowongoka, chotsika, n'kukagona pa phewa la Ambokile, ntchentche ili kutsogolo kwake. Manase anakoka kamodzi, kawiri, n'kukweza ndodo ndi mphamvu zake zonse. Mbedza inalowa m'khosi, pansi pa khutu.

Ambokile analumpha n'kutembenuka, dzanja lili pakhosi, nkhope itakwiya. Anaona mlamu wake paphompho, ndipo mkwiyo uja unasanduka manyazi. Anakweza dzanja lokulungidwa chingwe lija, ngati akuti pepani, ndatsala pang'ono kuchimasula. Manase anataya ndodo. Analoza kumunsi ndi manja onse awiri, akudumpha pa bondo lodwalalo, akutsegula ndi kutseka mikono ngati nsagwada. Ambokile anayang'ana kumene ankalozako. Pamadzi panalibenso kanthu. Timatotupa tija tinali titamira.

Msodzi wa pa Rukuru safuna kuuzidwa tanthauzo la zimenezo. Gombe linali mapazi anayi. Akanangosansa dzanja n'kuthamanga, akanafika. Koma Manase anaona ndi maso ake mlamu wake akuyang'ana gombe, n'kuyang'ana chingwe, n'kuchikoka kamodzi kena, mwamphamvu, kuti mwina chimasuka. Sichinamasuke. Apo ndiye anayamba kuchivula ku dzanja, chikumukanirira m'zala, akupalasa madzi cha kugombe. Anagwira muzu wa chitsa chakale. Anakweza chifuwa, anakweza bondo limodzi. Madzi anaphulika kumbuyo kwake.

Kukuwa kwa Ambokile kunaposa mkokomo wa pamiyala. Anakumbatira muzu uja ndi mikono yonse iwiri, thupi litawongoka ngati chingwe cha zovala, mwendo wamanzere uli m'madzi ofiira. Manase anali tsidya lino, manja ali m'mutu, wopanda chochita china koma kukuwa. Anakuwa m'Chitumbuka, m'Chinkhonde, m'Chichewa, anaitana Yesu, anaitana amayi ake amene anafa kalekale. Bango linagwedezeka. Amayi awiri anatulukira ndi zikwakwa m'manja, anazitaya n'kumugwira Ambokile m'khwapa. Bambo wina anabwera ndi nsungwi yonyamulira mitolo, n'kuyamba kubaya m'madzimo, kubaya, kubaya, akufuna diso. Chinthucho chinagubuduka kamodzi, mimba yake yachikasu n'kuonekera. Kenako amayi aja anagwa chagada pamchenga, Ambokile ali pamwamba pawo.

Mmene Manase anaolokera pa dooko sakumbuka. Chibwerereni ku Nyika anali asanapondemo mu Rukuru, koma tsiku limenelo anangozindikira ali tsidya lina, buluku litanyowa mpaka m'chiuno. Anapeza mwendo wa Ambokile ataumanga ndi chitenje pamwamba pa bondo, atapotokola ndi kamtengo. Kumunsi kwa bondoko anayang'anako kamodzi, ndipo sanayang'anenso. Anamukweza pa ngolo ya mpunga mpaka ku msewu, n'kuimitsa galimoto yonyamula matumba yopita ku Boma.

Kumbuyo kwa galimotoyo Manase anakhala pansi n'kuika mutu wa mlamu wake pamiyendo. Ntchentche ya nthenga inali ikadali m'khosi, kanayiloni koduka kakulendewera. Milomo ya Ambokile inali itatuwa, ndipo ankanjenjemera ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Atadutsa mlatho anatsegula maso.

"Alamu," anatero motsitsa, "ndinaponya ndili pamtunda. Sindinanyowe ndi phazi lomwe. Chinafika pakati penipeni, ziwiri zinadya."

"Ndaziona. Musalankhule."

"Kachitatu ndiye chinakodwa. Ndinati ndikabwera popanda chingwecho, ndidzakuyang'anani bwanji? Chinthu chosapezeka." Anameza malovu movutikira. "Chatsala m'madzi, alamu. Mundikhululukire."

Manase anapukusa mutu. Anaweramira ku khutu lamoyo lija, misozi ikugwera pa tsaya la wodwalayo.

"Chingwe n'chiyani, alamu? Ndi chingwe basi. Ndinakunamizani. Sichinali chifukwa chimenecho. Ndinkadziwa kuti chikodwa, ndinkadziwa kuti mudzalowa m'madzi. Ndinkaopa ng'ona, ine. Ndakhala ndikuopa tsiku lililonse, ndipo ndinachita manyazi kukuuzani."

Ambokile anamuyang'ana ngati mawuwo akuchokera patali.

"Mukanangonena," anatero. "Ndikanachidula."

Kenako anatseka maso, ndipo Manase anayenda ulendo wonse wotsalawo dzanja lili pa chifuwa chake, akuwerenga kupuma, akumenya denga la galimoto kuti woyendetsa awonjezere moto.

Ku chipatala anamulandira pa machira n'kumulowetsa, chitseko n'kutsekedwa. Manase anakhala pa benchi pakhonde, buluku likuumira pathupi, magazi atauma m'zikhadabo. Anthu ankadutsa ndi mabeseni ndi zakudya za odwala awo, ena akumuyang'ana, ena ayi. Aliyense wovala zoyera akatuluka, mtima wake unkaima. Dzuwa linapendeka. Kenako namwino wina wachikulire anabwera n'kufunsa ngati iye ndiye mbale wa bambo wa ng'ona uja. Anamuuza zonse mwachidule, monga amachitira anthu amene anazolowera kunena zoterezi, n'kubwerera m'kati.

Sipanapite nthawi, pa geti panaima njinga yamoto. Hilda anatsika isanaimitsitse, wopanda nsapato, mankhusu a mpunga akadali m'tsitsi. Anathamanga pakhonde lonselo akuyang'ana nkhope za anthu, mpaka anamuona mlongo wake. Manase anakhalabe pa benchi paja. Hilda anaima patsogolo pake, manja atagwira pamimba.

"Adumbu, ali moyo?"

"Ali moyo."

Hilda anatulutsa mpweya wautali n'kugwira chipilala. Kenako anamuyang'anitsitsa mlongo wake, anaona magazi aja, anaona kuti maso ake akuthawira pansi.

"Yense?" anafunsa.

 Manase anangotsitsa dzanja lake pang'onopang'ono n'kuliika pa mwendo wake wamanzere, pansi pa bondo, pamene namwino uja analoza kuti adula.